Magazi a Nachinkhupule

Padangokhala!

Tili tonse!

Kumadzulo kwa dziko la Australia, makilomita pafupifupi 800 kumpoto kwa mzinda wa Perth, nyanja yamchere idalowa m'kati mwa mtunda n'kukhazikika. Eni nthaka, anthu a mtundu wa Malgana, amatcha malowo Gathaagudu. Woyendetsa chombo wa ku England, William Dampier, adafikako mu 1699, ndipo ataona kuchuluka kwa ashaki adangoti pano m'pa Shark Bay. Pakati pa madziwo padatambalala mtunda wautali wotchedwa Peron, umene udawagawa pawiri: madzi a kum'mawa ndi madzi a kumadzulo.

Kumeneko kunkakhala adolofini, amilomo yaitali aja, opuma mpweya ndi kuyamwitsa ana awo zaka zitatu kapena zinayi. Aliyense adali ndi likhweru lakelake lomudziwira, ndipo onse ankasaka ndi khutu. Dolofini amaliza timaphokoso tothetheka n'kumvetsera mmene tabwerera tikagunda chinthu. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, ndipo kathumbako ndi kamene kamaziulula, chifukwa phokoso likagunda pamenepo limabwerera lamphamvu.

Kodyera kudali kuwiri. Kudali kosaya, kumene udzu wa pansi pa nyanja udayala masikweya kilomita oposa 4,000. Nsomba kumeneko zidali mbwee, koma nyengo yotentha kunkayendanso Shaki wamizeremizere, amene sapereka moni kawiri. Odya kumeneko ankatchedwa akuudzu. Kudalinso ngalande zakuya mamita pafupifupi 10, zodzaza mchenga, miyala ndi zigoba zosweka zimene zimacheka mlomo wa aliyense wofuna kufukula.

M'ngalande za kum'mawa ndi mmene munkakhala mayi wina, dzina lake Nachinkhupule. Kukacha ankatsikira pansi n'kuyendera zinkhupule zomera pamiyala. Ankasankha chobooka bwino m'kati, kuchithyola, n'kulowetsamo mlomo wake mpaka chitakhala thi. Atavala choncho ankayenda chozyolika, akupalasa mchenga pang'onopang'ono. Pansipo pamabisala kansomba kamizere kotchedwa barred sandperch, kamene kalibe kathumba ka mpweya kaja, moti khutu la dolofini limakadutsa osakamva. Chinkhupule chikakakhudza kamavumbuluka, kuthawa mamita ochepa, n'kukhalanso duu pamchenga, koma tsopano poonekera. Apo Nachinkhupule ankataya chinkhupule, kukwera kukapuma, kutsikanso n'kukameza, kenako n'kubwerera kukatola chida chake.

Ntchitoyi inkadya tsiku lonse ndipo inkafuna kukhala wekha nthawi yaitali. Iye adaiphunzira kwa mayi ake, nawonso kwa mayi awo. Ana aakazi pafupifupi onse ankatengera, make mbuu mwana mbuu. Aamuna ambiri ankachitaya chinkhupule akangosiya kuyamwa, chifukwa mwamuna wa dolofini amakhalira anzake. Amayenda awiriawiri kapena atatuatatu, timagulu timeneti n'kumagwirizananso ndi tina, kuti nyengo ikakwana atsekereze wamkazi n'kumulondera kwa amuna ena.

Luso lidali labwino, vuto lidali pakamwa pa mwini wake. Nachinkhupule akakhuta ankasonkhanitsa anzake ovala zinkhupule, iye n'kumatsogolera, iwo n'kumavomera:

Ndani adya za pansi pa mwala?
Ndife, ndi magazi!
Ndani mlomo wake ulibe bala?
Ndife, ndi magazi!
Wakuudzu akagone ndi njala,
Ife ndi magazi!

Mwana wake wamkazi, Nsangalabwi, adali ndi mnzake dzina lake Thovu, mwana wa Naudzu wa kosaya. Awiriwo adabadwa nyengo imodzi, ndipo ankakonda kuponyerana tsamba la udzu, wina kulinyamula pachipsepse, wina kulilanda ndi mlomo.

"Iwe Nsangalabwi, tabwera kuno! Ndinakuuza chiyani za ana akuudzu?"

"Tikungoponyerana udzu, amayi."

"Lero udzu, mawa ukwati. Amenewo si anzathu. Chinkhupule sichikhala pamlomo uliwonse, chimasankha magazi."

"Nanga abambo anga anali a magazi ati?"

Nachinkhupule adatulutsa mpweya pabowo la pamutu, phwii! "Abambo ako anali olemekezeka a kuya. Funso limenelo usadzalibwerezenso."

Zoona zake n'zoti chaka chimenecho adatsekerezedwa ndi amuna atatu kwa milungu ingapo, atachoka amenewo kudabwera ena atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adafunsidwa kwawo. Kwa adolofini mwana ndi wa mayi, bambo ndi mkamwini wosamanga ngakhale khumbi.

Nyimbo ija Shaki ankaimva ali chapatali. Masiku amenewo zinthu sizinkamuyendera. Adolofini akafuna kupuma ankasonkhana m'madzi akuya, akuudzu ndi a m'ngalande osasankhana, maso mbali zonse, moti iye akangoti ayandikire, wina adamuona kale. Tsiku lina adampeza Nachinkhupule ali yekha pantchito.

"Zikomo mayi, musathawe, ndadya kale. Ndangobwera kudzayamikira nyimbo. Ine ndayenda nyanja zambiri, koma luso ngati lanuli sindinalionepo. Chimodzi chokha n'chimene chimandisowetsa tulo. Apamwamba ngati inu, mumagona bwanji mulu umodzi ndi odya za muudzu?"

Adatero n'kupita, osadikira yankho. Nachinkhupule tsiku limenelo sadagwire nsomba ina, adangokhala akutembenuza mawuwo mumtima.

Pagombe la Monkey Mia, kumene anthu adayamba kupatsa adolofini nsomba m'ma 1960, pankakhala mbalame yotchedwa Vuwo. Ntchito yake idali kuima pafupi ndi ndowa, kudikira kuti mwina nsomba igwa pansi. Pakamwa pake padali pachikulu, koma makutu ndiwo adali aakulu koposa, ndipo chilichonse chimene anthu ankalankhula pagombepo chinkathera mwa iye. Ndiye amene adauza adolofini kuti ofufuza adafika kumeneko mu 1982, ndi kuti mu 1984 mmodzi wa iwo, Rachel Smolker, adaona dolofini atanyamula chinthu pamlomo n'kuzindikira kuti si chotupa koma chinkhupule. Ndiyenso adawauza kuti anthuwo amawadziwa mmodzimmodzi poona mmene chipsepse cha pamsana chidang'ambikira.

Patapita zaka, anthu aja adayamba kubwera ndi kamfuti koponya kamuvi. Kamuviko kankagunda pambali pa dolofini, kudula kachidutswa ka khungu ndi mafuta a pansi pake, n'kugwera m'madzi n'kumayandama. Bala lake linkapola m'milungu yochepa. Tsiku limene kadamupeza Nachinkhupule adakuwa, "Mayo ine!" Koma ululu utazizira adauza anzake kuti, "Mwaona? Mbiri yathu yafika kumtunda. Abwera kudzapempha mbewu."

"Komatu dzulo anabayanso amake Thovu," adatero wina.

"Amenewo akuwabaya kuti aone kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa ife ndi iwo."

Mu 2005 Vuwo adatera pamadzi ndi nkhani. Adolofini adamuzungulira.

"Michael Krützen ndi anzake amaliza kuyeza," adayamba motero. "Anatenga tizidutswa ta adolofini 185. Mwa amenewo 13 ndi ovala zinkhupule, aakazi 12 ndi mwamuna mmodzi. M'khungu mwanumo muli chimene iwo amati DNA, chimene chimasunga chibadwa cha aliyense. Yambiri imachokera kwa bambo ndi mayi mophatikizana. Koma pali ina yochepa imene mwana amalandira kwa mayi ake okha, mayiwo kwa mayi awo, mpaka kalekale. Ya kuchikazi imeneyi ili mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse aupatsa chilembo. Ovala zinkhupule nonse, kupatula mmodzi, muli ndi chilembo H."

Nachinkhupule adalumpha m'mwamba n'kugwa chagada, khuvu! "Ndinkanena ine! Magazi! Ngakhale anthu avomereza!"

"Sindinamalize, mayi. Akuti luso lenilenilo silili m'magazi, mwana amachita kuonera amake. Chilembocho chimangotsatira pambuyo, popeza wophunzitsa ndi wobereka ndi mmodzi yemweyo. Alipo a H ena amene sanakhudzepo chinkhupule chibadwire. Tsono tikabwera ku nkhani ya abambo..."

"Pakamwa panupo m'pachikulu, a Vuwo, pamalowa zambiri. Zofunika tamva."

Sabata isadathe kudabadwa Bungwe la Ana a H, wapampando wake Nachinkhupule. Msonkho udali nsomba imodzi pamwezi, yoperekedwa kwa wapampando kuti aisunge, ndipo malo osungira nsomba amene dolofini ali nawo ndi amodzi okha. Pamsonkhano woyamba padabuka milandu iwiri. Woyamba udali wa mayi uja wovala chinkhupule koma wopanda H. Ngakhale ankaposa ambiri pofukula, adagamulidwa kuti ndi wakuba luso, ndipo adachotsedwa. Wachiwiri udali wa a H osadziwa chinkhupule. Amenewo adatchedwa a H ogona, ndipo adaloledwa kupereka msonkho koma osaimba kutsogolo. Lamulo lomaliza lidali loti mwana wa H asapezeke akupuma mulu umodzi ndi wachilembo china.

Adagwirizananso zoti chaka ndi chaka pazikhala chikondwerero. Pofunafuna mlendo wolemekezeka, wapampando adati pali mkulu wina woyenda maiko, amene adazindikira ulemerero wa bungweli lisadabadwe n'komwe. Shaki adafika atatseka pakamwa mwaulemu, ndipo atapatsidwa mpata adalankhula mwachidule.

"Amayi wapampando, akuluakulu nonse, ine ndi wanu. Malinga ndili moyo, wa H sadzalawa dzino langa. Amene ndimalimbana nawo ndi enawo."

Adolofini adamenya madzi ndi michira mpaka thovu lidayera. Kutacha adapeza kuti membala mmodzi palibe. Komiti idakhala pansi n'kulengeza kuti malemuwo, pofufuza bwino, adali a magazi osakanikirana.

Zidayenda choncho mpaka kumayambiriro kwa 2011, pamene madzi otentha adatsika kuchokera kumpoto n'kudzaza Shark Bay. Kwa miyezi iwiri nyanja idatentha madigiri 2 mpaka 4 kuposa mmene imakhalira nyengo imeneyo. Udzu wa pansi udayoyoka masamba n'kufa malo aakulu, madzi adachita chipwirikiti, nsomba zokhala muudzu zidachepa. Ofufuza atadzawerengera pambuyo pake ku madzi a kumadzulo adapeza kuti mwayi wopulumuka wa adolofini osavala zinkhupule udatsika ndi 12 peresenti, wa ovala zinkhupule ndi 6 peresenti, ndipo mbali zonse ana obadwa adachepa kwa zaka zingapo. M'ngalande zakuya chakudya sichidaonongeke kwambiri ngati kosaya.

Naudzu, nthiti zikuwerengeka, adameza manyazi n'kupita kungalande.

"Odi, amake Nsangalabwi. Njala yatigwira pakhosi. Ine ndakalamba, koma Thovu akadali ndi mphamvu. Mulekeni azikutsatirani pambuyo, aone mmene mumachitira."

"Pepani amake Thovu, ndikanakonda. Koma ichi sichiphunzitsidwa, n'chobadwa nacho. Chikanakhala chophunzira bwenzi nonse mukuvala."

Naudzu adatembenuka kuti azipita. Asadafike patali adamva mawu kumbuyo kwake, Nachinkhupule akukalipira kamwana kake kamng'ono kamene kadavala chinkhupule chopendekeka: "Osati choncho, iwe! Mlomo uzilowa pakati! Ndakuonetsa kangati chiyambire m'mawa?"

Njala idamukhudzanso Vuwo, moti adayamba kuuluka maulendo ataliatali. Tsiku lina adadutsa pamwamba pa Peron n'kukatera ku madzi a kumadzulo, kufupi ndi Useless Loop kumene anthu amaumitsa madzi a m'nyanja padzuwa kuti apeze mchere. Zimene adaona kumeneko adazisunga m'kamwa. Adadikira mpaka 2014, pamene makutu ake adatola pagombe nkhani ziwiri zatsopano, ndipo adaitanitsa msonkhano wa onse, a zilembo zonse. A bungwe adabwera n'kukhala mbali yawoyawo. Kamba wa m'nyanja, amene adali wamkulu kuposa onse, ndiye adakhala pakati.

"Nkhani yoyamba ndi ya mafuta," adatero Vuwo. "Kamuvi kaja kankatenga zinthu ziwiri. Khungu limanena za amene anakubala, mafuta amanena za zimene wakhala ukudya. Nsomba iliyonse ili ndi mafuta akeake, ndipo ukaidya kwa miyezi amakhazikika pansi pa khungu lako. Ayeza, ndipo apeza kuti mafuta a ovala zinkhupule ndi osiyana ndi a anzawo osavala, ngakhale amene amasaka m'ngalande yomweyo."

"Mwamva?" adafuula Nachinkhupule. "Poyamba magazi, lero mafuta! Mukufunanso umboni wanji?"

"Umenewo ndi umboni wa chakudya, mayi. Ukusonyeza kuti chinkhupule chinakutsegulirani nkhokwe imene ena saifikira, ndipo pamenepo ulemu ndi wanu. Koma mutati mudye za muudzu chaka chimodzi, mafutawo angasinthe. Tsono imvani yachiwiri. Kuseri kwa Peron kulinso ovala zinkhupule, ambiri ndithu. Ndinawaona ndi maso angawa."

"Abale athu a H! Tiwatumizire uthenga, atsegule nthambi ya bungwe."

"Anna Kopps ndi anzake awayeza. Ovala zinkhupule a kumeneko ndi a chilembo E. M'madzi akuya mulinso a F. A H aliko, koma ambiri amakhala kosaya, kumene madzi safika mamita 10. Kumadzulo, mayi, a H ndiwo akuudzu."

Padakhala bata loti ngakhale nkhanu zidamveka zikuyenda pansi.

Vuwo adapitiriza. "Akuti zilembo zinagawana malo chifukwa mwana amakhala pamene mayi ake anamuonetsa kadyedwe. Wobadwira kungalande amafera kungalande, wobadwira kuudzu chimodzimodzi, ndipo mibadwo ikapita chilembo chimaoneka ngati chinamera pamalopo. Koma atayang'ana DNA yochokera kwa bambo ndi mayi, mpanda woterowo sanaupeze. Amuna akamafuna akazi sayeza kuya kwa madzi."

"Bodza!" adatero Nachinkhupule. "Kaya kumadzuloko, koma kuno ayi. Ana anga onse abambo awo ndi a kuya."

Apo Naudzu adasendera kutsogolo pang'onopang'ono. "Amake Nsangalabwi, ndakhala chete zaka zambiri. Mukuwakumbuka amuna atatu aja anakutsekerezani chaka chimene munatenga pakati pa Nsangalabwi? Wamkulu wawo anali ndi chipsepse chong'ambika pawiri, ndi chipsera cha Shaki kumchira. Mwezi umene anabwera kwa inu ankachokera kwa ine. Ndipo ndikudziwa kumene anayamwira, chifukwa mayi ake ankasaka moyandikana ndi amayi anga, muudzu."

Onse adatembenukira kwa Nsangalabwi ndi Thovu, amene adali atayandikana osadziwa. Adawayang'ana milomo, adawayang'ana mphumi, ndipo wina kumbuyo adalephera kudzigwira, adaphulika nako kuseka mpaka madzi adamulowa pabowo la pamutu.

Kuti aziziritse zinthu, Vuwo adafotokoza chinthu china chimene adaona kumadzulo. Dolofini amathamangitsa nsomba mpaka italowa m'chigoba chachikulu cha nkhono yakufa. Kenako amalowetsa mlomo m'chigobamo, kuchinyamula mpaka pamwamba pa madzi, n'kuchigwedeza kuti madzi atuluke, nsomba n'kugwera m'kamwa. "Chiyambire kutentha kuja ochita zimenezi achuluka," adatero. "Ndipo sachita kutengera kwa amayi awo, amaonera anzawo oyenda nawo." Anthu adadzatsimikiza zimenezi mu 2020, koma Vuwo adali atanena kale.

Kamba adakweza mutu. "Ana inu, mwamva nokha. Chosiyana pakati panu ndi mbale, ndipo mbale imabwerekedwa. Chibale ndi fupa, sichiola. Bwererani kukagona mulu umodzi monga kale, ndipo amene ali ndi luso aonetse mnzake."

Onse adavomera. Ena adalira, ena adakhudzana zipsepse, ndipo usiku umenewo, kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, adapuma pamodzi. Shaki adazungulira mpaka mbandakucha osapeza polowera.

Kutacha Shaki adayamba maulendo. Woyamba amene adamuyendera adali Nachinkhupule, amene adali yekha m'ngalande, chinkhupule chili pambali.

"Pepani ndi zadzulo, amayi wapampando. Ine zinandiwawa kwambiri. Koma taganizani, mbalame imene imadya zogwa m'ndowa ingadziwe chiyani za magazi? Ndipo ngati kumadzulo kuli a H okhala muudzu, ndiye kuti amenewo ndi a H otayika. Si chifukwa chothetsera bungwe chimenecho, n'chifukwa cholilimbitsira. Pakufunika kusiyanitsa H weniweni ndi H wamba."

Atachoka apo adapita kosaya, kwa Naudzu.

"Mayi, dzulo munalankhula ngati mfumu. Zaka zonsezi akhala akukunyozani, chikhalirecho abambo a ana awo ndi ochokera kwanu. Ndiye lero angoti tigone pamodzi, nkhani n'kutha? Amene anakukanizani chinkhupule nthawi ya njala ndi omwewa. Inu mulibe chilembo chanu kodi? Mulibe nyimbo? Wapampando ndikumuona pamaso pangapa."

Naudzu adayankha kuti aganizira. Adaganizira mpaka masana.

Mwezi usadathe, chilembo chilichonse chidapeza bungwe lake, wapampando wake ndi msungichuma wake. Bungwe la Ana a H lidagawika pawiri, a H Enieni ndi a H Oyambirira, ndipo mbali iliyonse inkati inzakeyo ndi yotayika. Amene sadabayidwepo ndi kamuvi, osadziwa chilembo chawo, ankathamangira boti la ofufuza n'kumadzionetsa m'mbali kuti awabaye, ndipo akalephera ankangosankha bungwe la msonkho wotsika. Nyimbo idakhala yomwe ija, gulu lililonse lidangosinthamo mawu awiri. Pa mfundo imodzi yokha ndi pamene mabungwe onse adagwirizana: adalemba chikalata chodzudzula Vuwo chifukwa chonyoza chikhalidwe, n'kumuletsa kuteranso pamisonkhano.

Nsangalabwi ndi Thovu sadalowe bungwe lililonse. Ankasaka limodzi, kupuma limodzi pamodzi ndi ena ochepa, wina akatseka diso wina n'kumayang'ana. Mabungwe onse ankawatcha osadziwa kwawo, ndipo amayi ankaletsa ana awo kuyenda nawo. Shaki naye sankawayendera. Ankati alibe mwambo.

Zikondwerero zidachuluka moti mwezi uliwonse kudali kwina kovina, ndipo kulikonse mlendo wolemekezeka adali yemweyo, mawu akenso omwewo, chilembo chokha n'chimene ankasintha. Anthu aja adawerengapo kuti mwa adolofini akuluakulu anayi alionse a ku Shark Bay, atatu ali ndi zipsera za mano a shaki. Vuwo, amene tsopano ankaonera zonse ali m'mwamba, ankaziona zipserazo pamisana ya a mabungwe onse, ndipo aliyense wolumidwa ankati mlendo wolemekezeka adangomusokoneza ndi wachilembo china chifukwa cha mdima.

Tsiku lina madzi ataphwera, Vuwo adaima pamchenga pamene Shaki sakadafika, n'kumuona akudutsa, mimba ili tantha.

"Achikulire, ndifunseko. Anthu aja amayeza kachidutswa kakang'ono, koma inu mwayeza athunthu, a zilembo zonse. Kodi amasiyanadi?"

Shaki adaima n'kuganiza mofatsa, monga katswiri wofunsidwa za ntchito yake.

"Mafuta amasiyana, a Vuwo, anthuwo sananame. Wovala chinkhupule amamveka kansomba ka pansi kaja, wakuudzu amamveka za muudzu. Koma magazi, mutanditseka m'maso, sindingakuuzeni kuti uyu ndi H, uyu ndi E."

"Nanga bwanji osawauza? Inu akhoza kukumverani, ine anandithamangitsa."

"Ine ndine mlendo, a Vuwo, ndipo mlendo sanyoza mwambo wa eni mudzi. Tsalani bwino, ndachedwa. A H Oyambirira akundidikira kuti ndikatsegulire chikondwerero, ndipo madzulo ano ndikatsekera cha a H Enieni."

Nthano yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata, ingapserere.